Bode la Pikapu pa Mabomba Anayi

Amene akuti mkazi sangadzutse galimoto yakufa abwere kuno ku Nkhulambe adzaione yanga, koma abwere pa njinga yake, chifukwa wotsutsa sindimukweza. Ine ndinafika Fomu 4, sindilankhula zopeka.

Bambo a kunyumba atamwalira, chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri, anandisiyira pikapu imene napolo anaikwirira mpaka m'magalasi, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Alamu anga a Mulimba, akulu awo a malemu, anabwera ndi mawu. "Mlamu, nandolo akauma chinthu ichi chisanalire, ndichidula tipange mbaula." Ndinangoti chabwino.

Kuti wowotcherera zitsulo amene ndinamuitana afike pa chasisi, mafupa a pansi a galimoto, bode, thupi lake lamalata lija, linayenera kuchoka n'kukhala pamwamba pa chinachake. Ndinayesa njerwa, zinaphwanyika. Zitsa zinamira. Ndiye ndinapita kumsika, kumene anthu a ku Mozambiki ankagulitsa zotsala za nkhondo yawo, n'kusankha zigoba zinayi za mabomba, zija masukulu ankapachika pamtengo ngati belu. Ndinazigogoda monga timayesera dzungu. Zitatu zinalira ngwee. Chachinayi chinangoti phi. Wogulitsa anati, "Ndi mchenga umenewo, mayi." Ndinazisenza zonse pa nkhata imodzi, mwana ali kumsana.

Bode ndinalinyamula ndekha ndi dzanja limodzi, linalo ndikuingitsa nkhuku, n'kulikhazika pa zigobazo, chasisi n'kuikokera pambali. Mukumva? Linakhala nji mwezi wathunthu.

Nandolo anauma ntchito isanathe. Alamu anatulukira m'mawa ndi sowo yodulira zitsulo, wowotcherera ali mkati mothetheka, ndipo nthethe imodzi inagwera pa chachinayi chija. Si mchenga unali m'menemo: chinaphulika.

Bode linanyamuka, kupitirira nsonga ya Michesi, anthu a ku Fort Lister akuliyang'ana kumimba, dzimbiri lonse likuyoyokera m'minda mwawo, n'chifukwa chake dothi la kumeneko ndi lofiira mpaka lero, kenaka linagunda mtambo, mvula n'kulitsuka, dzuwa n'kuliumitsa, potsika n'kudzera mu utawaleza umene unalipaka penti, n'kudzatera pa chasisi penipeni, mabawuti kulowa okha m'mabowo mwake, injini chifukwa cha mantha n'kudzilizira yokha. Mukumva inu? Nandolo wa mudzi wonse anatuluka yekha m'makoko, ife kwathu kunali kungomuwola pansi. Masana omwewo ndinali nditamukweza kale, ndikusintha magiya. Sowo ya alamu inapezeka ku Mkhumba itasanduka chikwakwa, ndipo amene anaitola akumwetabe nacho.

Zigoba zitatu zija ndinazipereka kutchalitchi, ndi zomwe zimakuitanani Lamulungu.

Mboni ilipo. A Mulimba anaima pomwepo, anaona zonse, pitani mukawafunse ngati ndanama. Kungoti chichokere tsiku limenelo samva, ndiye chilichonse mungawafunse amangogwedeza mutu kuvomereza.