Maliboni a Mamendulo a Apongozi Anga

Mpaka lero apongozi anga aamuna sanandikalipirepo ngakhale liwu limodzi pa nkhani imeneyi, ndipo chimenecho ndiye chimandiwawa kwambiri. Bola akanangondiwomba mbama pagulu pomwepo, bwenzi zitatha. Koma musanayambe kundiweruza, mumve kaye kuti mlandu wonse si wanga. Pali anthu amene anayenera kundiuza zinthu, ndipo anangotseka pakamwa.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina m'tauni ya Mangochi, ndipo ndasoka pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mikanjo ya Idi, madiresi a akwati, mayunifolomu a ana asukulu, zonsezi zimadutsa m'manja mwanga, ndipo palibe amene anabwezapo (kupatula mayi wina amene anachita kunenepa yekha nditamuyeza kale). Choncho chinthu cha nsalu chikafika pamaso panga chili chosuluka, mtima wanga sukhala m'malo. Ndi mmene ndinabadwira.

Apongozi angawo, Che Saidi, amakhala ku Nkope. Anali msilikali, wa gulu lochotsa mabomba okwirira pansi. Nthawi imene asilikali athu ankalondera njanji ku Mozambique, iwo ndi amene ankatsogola chokwawa, akufufuza dothi ndi kachitsulo, anzawo onse akubwera pambuyo. Zimenezi ndinazimva kwa ena, chifukwa eni akewo sakamba. Ukawafunsa za nkhondo amakuyankha kuti usipa chaka chino wasowa.

Mwezi wa Novembala uliwonse asilikali opuma a kuno kwathu amakumana pabwalo lina ku Monkey Bay kukumbukira anzawo amene anafa. Pamwambopo munthu mmodzi amanyamula nkhata ya maluwa kukaika pamwala wachikumbutso. Apongozi anadikira zaka zambiri, akuona anzawo akunyamula, ndipo chaka chatha dzina lawo linatuluka.

Lolemba la sabata imeneyo anafika pakhonde panga ndi jumbo. M'menemo munali jekete lakuda la pakaunjika ndi kachitini ka dzimbiri.

"Akamwini," anatero atakhala pabenchi, "manja a jeketeli atalika. Mufupikitseko, ndiyeno mamendulo ali m'kachitinimu muwamangirire pachifuwa cha kumanzere. Lamulungu ndikunyamula nkhata."

"Musade nkhawa, ababa. Mukaoneka ngati mkulu wa asilikali onse."

Mwawamva mawu awowo? Fupikitsani, mangirirani. Kodi pali pamene ananena kuti maliboni musakhudze? Palibe!

Atachoka ndinatsegula kachitini kaja. Wallahi, ndinamva chisoni. Mamendulo anayi, onse atamangidwa pa kachitsulo kamodzi, akuda bii ngati pansi pa mphika. Nanga maliboni ake! Osuluka, ulusi ukuyoyoka m'mbali, komanso mitundu yake yosagwirizana n'komwe. Lina mizere yobiriwira ndi yachikasu, lina lamtambo wotuwa, lina sindinadziwe kuti poyamba linali la mtundu wanji. Ndinangoti boma linatenga nsalu ina iliyonse imene inali pafupi tsikulo. Ndipo ndinapsa mtima m'malo mwawo: munthu wakwawira mabomba, n'kumupatsa zinsanza?

Ndinatenga sizasi. Kunali kungoti khwapu, khwapu, khwapu, khwapu, maliboni onse anayi pansi. M'kabati munali maliboni a satini otsala pa ukwati wina wa ku Nkhudzi, ofiira ndi agolide, onyezimira bwino. Ndinawadula mofanana, n'kuwapinda timizere ngati ta siketi ya sukulu, lofiira, lagolide, lofiira, lagolide. Mamendulowo ndinawakwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka ndinadziona nkhope. Kenaka ndinawayala mmene munthu wa maso angayalire: aakulu pafupi ndi batani, pamene anthu amayang'ana, ndipo kamendulo kakang'ono kosaoneka bwino, kamene kanali koyambirira, ndinakakankhira kumapeto, cha kukhwapa.

Mkazi wanga atabwera ndi tiyi wa masana anaima n'kuyang'ana jekete lija.

"Bambo a Shakira, ababa mwawafunsa zimenezi?"

"Kodi wodwala amauza dokotala pobaya jekeseni?"

"Hmm," anatero, n'kutenga fulasiki yake, ulendo.

Hmm! Mwana wa msilikali, wokulira m'nyumba momwe munali kachitini kameneka, zonse zimene anatha kunena ndi hmm. Lero akuti anandichenjeza. Ine ndikuti hmm si chenjezo, ngakhale mbuzi imatha kunena hmm.

Maliboni akale aja ndinawasesera m'thumba la zidutswa, limene Abiti Juma amabwera kudzatenga Lachisanu lililonse kukapakira m'mapilo ogulitsa. Ndipo Lachisanulo anabweradi, sanajombe.

Apongozi anaimba foni Lachinayi kufunsa za jekete. Ndinati mawa. Anaimbanso Loweruka, ndinati mawa mmamawa ndibwera nalo ndekha. Jeketelo linali litatha kalekale, koma telala amene amapereka chovala tsiku lisanafike amaoneka ngati alibe ntchito (anzanga a makina akundimvetsa). Komanso ndinkafuna ndione nkhope zawo pamene ndikulitulutsa. Ndikanalipereka Lachinayi, mwina wina akanaona. Chimenecho ndikuvomera, chokhacho.

Lamulungu mmawa ine ndi mkazi wanga tinakwera minibasi mpaka ku Nkope. Tinapeza mdala atameta kale, nsapato zikuwala, akuyendayenda pabwalo. Ndinatulutsa jekete m'pepala, dzuwa n'kumenya satini uja, ngwee! Apongozi aakazi anafuula kuti "Mashallah!" n'kuimba nthungululu. Taonani, mayi woti wakhala ndi mamendulo amenewa m'nyumba zaka makumi atatu, nayenso nthungululu. Ndiye inu mukufuna ine ndidziwe bwanji?

Che Saidi maso awo anayamba ng'ala, za pafupi amaona mwa chimbuuzi. Atavala anapapasa pachifuwa, zala n'kuima.

"Akamwini, nsaluzi zikuterera bwanji?"

"Ndangozikonzako pang'ono, ababa."

Anatsegula pakamwa ngati afunsenso, koma minibasi inaimba hutala pamsewu, ndipo tonse tinathamanga.

Ku Monkey Bay dzuwa linali loswa mtengo. Madala aja anali atandanda kale pamzere, ena ndi ndodo, mmodzi pa njinga ya olumala, onse zifuwa patsogolo. Ife achibale tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinaona anthu akulozerana apongozi anga, ndipo ndinagunda mkazi wanga ndi chigongono kuti aone mmene ntchito yanga ikuyendera malonda. Ndinaonanso chinthu china: maliboni a madala ena onse anali osuluka, a mizeremizere, ngati aja ndinataya. Mumtima ndinangoti, ayi, pano pali makasitomala.

Ndiye kunabwera a Sajeni Meja Mbewe, amene amayendetsa mwambowo. Ndi mdala wamfupi, wa ndevu za pamlomo, mawu ake ngati injini ya boti. Ankayendera mzere, kamtengo kali kukhwapa, akuwongola kolala apa, batani apo. Atafika pa apongozi anga anaima. Anabwerera mmbuyo phazi limodzi. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Saidi! Ichi n'chiyani?"

"Bwana?"

"Ndikufunsa kuti ndiwe msilikali kapena galimoto ya akwati?"

Mzere wonse unagwedezeka, madala akulimbana ndi kuseka. Apongozi anakweza jekete kufikitsa pafupi ndi maso, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa a Mbewe.

Apa munthu wanzeru akanakhala phee pansi pa mango. Ine ndinaimirira, n'kuyenda mpaka pakati pa bwalo, chifukwa ntchito yanga sindiikana.

"Ndine, bwana. Akale aja anali atatha, ndiye ndaika atsopano. Ndi satini weniweni, si wa pamsika."

"Iwe ndiwe ndani?"

"Mkamwini wawo. Telala."

"Telala!" Anatembenukira kumzere ngati akuwaonetsa ng'ona imene yalowa m'khichini. "Telala iwe, ukuganiza kuti mizere ija inali yokongoletsa? Liboni lililonse lili ndi mitundu yake, ndipo msilikali akayang'ana pachifuwa cha mnzake amawerenga kumene anapita ndi chimene anachita. Iwe wafufuta zonse. Panopa chifuwa ichi chikunena kuti munthuyu anavina bwino pa ukwati!"

"Koma bwana, palibe anandiuza..."

"Khala chete! Nanga aka wakaika kukhwapa bwanji?" Analoza kamendulo kakang'ono kaja ndi kamtengo kawo. "Ukukadziwa aka?"

"Kanali kakang'ono, bwana, ndiye ndimati..."

"Aka kamakhala koyamba! Pabwalo lonse lino ali nako ndi munthu mmodzi yekha. Tsiku limene sitima yathu ya pamtunda inaphulitsidwa, ovulala anali tsidya, pakati pali mabomba. Saidi anakwawa yekha kutsegula njira, zipolopolo zikudutsa pamutu. Ine ndinali mmodzi wa onyamulidwa, mwendo uwu uli zii. Ndiye iwe ukukaika konunkha thukuta chifukwa n'kakang'ono?"

Kuseka konse kunatha. Ine ndinaima pamenepo, thukuta likutsikira m'nsapato, ndipo kunena zoona ndinali nditakwiya. Ndinakwiyira a Mbewe pondiyalutsa pamaso pa akazi. Ndinakwiyira boma popanga mendulo yaikulu kukhala yaing'ono. Ndinakwiyiranso apongozi anga: zaka khumi ndi ziwiri ndikudya nawo m'mbale imodzi, osandiuza ngakhale tsiku limodzi kuti anachita chinthu chotere, koma kumangondiuza za usipa.

A Mbewe anatsitsa mawu. "Saidi, nthawi yatha. Ndi zimenezi sungayende pamzere. Masula mamendulowo uike m'thumba, nkhata unyamulabe."

Apongozi anapukusa mutu. "Ayi, bwana. Nkhatayi ndimati ndikawaikire Yusufu ndi Amidu, amene anatsala kunjanji kuja. Ndikaime pamaso pawo chifuwa chili mbee ngati munthu wongodutsa? Apatseni ena."

Anachita sawatcha, n'kutembenuka mwa chisilikali, n'kutuluka pamzere. Anabwera kudzaima pansi pa mango pakati pa ife anthu wamba, jekete atalipinda pamkono, mamendulo ali mkati. Nkhata inanyamulidwa ndi a Banda, amene ku usilikali anali ophika. Ndilibe nawo chifukwa a Banda, asilikali sangamenye nkhondo ndi njala, koma munthu amene adani ake anali anankafumbwe a m'nyemba ananyamula nkhata ya apongozi anga, ndipo anayenda nayo monyada ngati wabadwa nayo. Lipenga litalira, Che Saidi anaima njoo m'malaya okha, dzanja pachipumi, mpaka linatha. Sindinathe kuwayang'ana.

Tinakwera minibasi yobwerera. Mkazi wanga anakhala chondifulatira kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Nkope. Potsika apongozi anandigwira dzanja.

"Zikomo akamwini, manja a jekete mwafupikitsa bwino."

Astaghafirullah! Munthu angakuphe ndi ulemu.

Lolemba kusanatenthe ndinali kale pakhomo pa Abiti Juma. Anati zidutswa za Lachisanu anapakira m'mapilo asanu ndi limodzi, awiri agulidwa kale ndi anthu a pa basi ya ku Lilongwe. Anayi otsalawo ndinagula onse, n'kukhala pakhonde pawo pomwepo kuwang'amba limodzi limodzi. Anthu opita kumsika anaima kuonerera telala wa m'tauni akusanthula zinsanza ngati nkhuku padzala, ndipo mayi wina anafunsa mokweza ngati ndayamba kudwala mutu. Ndinapeza maliboni awiri. La kamendulo kakang'ono kaja panalibe. Lero lino kuli munthu ku Lilongwe amene amatsamira ulemu wa apongozi anga, n'kumachita mkonono.

Awiriwo ndinawasita bwinobwino n'kupita nawo ku Nkope. Mdala anawalandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kufunsa ngati ana ali bwino. A Mbewe akuti analembera ku likulu la asilikali kupempha maliboni ena, ndipo yankho tikudikirabe. Kuyambira pamenepo, thalauza la apongozi likang'ambika amapita nalo kwa telala wina wa kuseri kwa depoti, munthu woti msoko wake umayenda ngati njira ya woledzera. Amadutsa pakhonde panga jumbo ili m'manja, n'kundipatsa salamu mwaulemu wonse. Zimenezi ndiye nkhanza, ndipo ndikunena poyera.

Satini uja anali wabwino, pamenepo sindisintha mawu. Koma mwezi watha ndinakumana ndi a Mbewe pa depoti, ndipo ndinalimba mtima kuwafunsa ngati apongozi anganyamule nkhata chaka chino, maliboni akabwera. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Telala, nkhata imayenda ndi mndandanda, munthu mmodzi pa chaka. Wodumphidwa amabwerera kumapeto. Patsogolo pa Saidi pali anthu khumi ndi anayi."

Apongozi anga ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu. Ndinayamba kuwerenga pa zala pomwepo pa depoti, koma ndinalekezera panjira.