Matumba 205, Mayina 212

Lolemba
Chimanga cha chithandizo chikubwera Loweruka: matumba 205. Mayina pa mndandanda wa dera lathu: 212. Ndiye kuti mayina asanu ndi awiri ndi obwereza, ndipo komiti yati ndiwapeze ine, poti ndinaphunzitsa masamu zaka 34.

Ndili ndi kompyuta yakale ya Esinati, mwana wanga wa ku Balaka. Muli kachiyankhulo komwe anapanga yekha ali ku koleji: umalemba malamulo m'Chichewa, pulogalamu yake n'kumawamasulira ndi kuwachita. Ndalemba mizere 11. Wofunika ndi uwu: NGATI dzina LIFANANA ndi lina, CHOTSA. Mawa ntchito yatha.

Lachiwiri
Masekondi atatu. Mayina otsala: 119.

Kuno mayi amatchedwa Abiti Uje, bambo Che Uje. Ma Abiti onse 58 yawasandutsa munthu mmodzi. Ma Che 37, mmodzinso.

A Phiri, mlembi wa komiti, afika ndili kuthengo kofuna nkhuni. Akopera mndandandawo n'kukaumata pa khoma la sukulu. Ntchito imene aichita mwachangu chaka chino ndi yomweyi.

Lachitatu
Amayi 23 pakhomo dzuwa lisanawawe. Mipando ndili nayo iwiri.

Abiti Saidi, ogulitsa matemba a ku Chiuta: "Aphunzitsi, akuti tonsefe ndife munthu mmodzi. Thumbalo tidzagawana ndi supuni?"

Ndatsegula mkati mwa pulogalamu yomasulira ija. Mizere 340. Vuto lili pa mzere 187: imayerekeza mayina chilembo ndi chilembo, koma ikafika pa mpata woyamba imaleka, n'kunena kuti afanana. Pamwamba pake Esinati analemba kuti anayesa ndi "mbuzi" ndi "mbuzi", zinatheka. Ndakonza.

Lachinayi
Batire yatha. Mapazi 2,140 kupita kwa ometa tsitsi, omwe ali ndi sola. Pobwerera 2,310. Miyendo yayamba kufupika.

Tsopano ikuwerenga dzina lonse. Obwereza omwe yapeza: 0.

Chonsecho Che Bwanali ndikuwadziwa. Analembetsa katatu:
dzina la pa chitupa,
dzina lomwe anatuluka nalo ku jando,
dzina lomwe amagulitsira njinga ku Nayuchi.
Mayina atatu osafanana n'komwe, mimba imodzi. Ndayesa kufananitsa zilembo zitatu zoyambirira pambuyo pa Che kapena Abiti. Yachotsa ashehe a kumzikiti.

Lachisanu
Ndaimbira Esinati. "Amayi, imafananitsa zilembo, osati anthu." Zaka 16 za sukulu, yankho lake ndi limeneli.

Masana ndawawerengera Abiti Saidi mayina mokweza, iwo akusankha matemba, osadzutsa ndi mutu womwe. "Ameneyo ndi uja wa kudambo. Ameneyo anasintha atakwatiwanso." Mphindi 20, apeza asanu ndi limodzi: awiri a Che Bwanali, anayi a ena.

Dzina lachisanu ndi chiwiri palibe. Tabwereza kawiri. "Otsalawo ndi anthu enieni, aphunzitsi. Ndi njala yawo yeniyeninso."

Mayina 206. Matumba akadali 205.

Loweruka
Lole yafika. Obweretsa chimanga akufuna mayina 205 ndendende, apo ayi satsitsa thumba ngakhale limodzi. A Phiri: "Ingodulani wa pansiyo, mayi, anthu akomoka pa dzuwa."

Wa pansiyo ndi Abiti Mdala, amasiye, akulera zidzukulu zisanu. Pakamwa pawo: 6. Pakamwa panga: 1. Masamu amenewa ndinkaphunzitsa Sitandade 2.

Ndalemba CHOTSA, kenako dzina langa. Yachita nthawi yomweyo, osadandaula. Lamulo lokhalo limene yandimvera bwino sabata yonse!

Lamulungu
Ku tchalitchi tinali 41. Nyimbo ziwiri, yachitatu palibe anali ndi mphamvu zoyiyambitsa.

Che Bwanali andidutsa panjira, thumba lawo limodzi lili pa njinga kupita ku chigayo. Moni palibe, ngakhale m'dzina limodzi mwa atatu aja.

Kompyuta ndaikulunga m'chitenje. Esinati sindimuuza kanthu, nayenso ali ndi ana atatu.

Chimanga china akuti mwezi wamawa. Mumtengo wa kuseri muli mango osapsa 63. Ndikamawiritsa atatu patsiku, andifikitsa masiku 21. Mwezi uli ndi 30. Ndiwerenganso mawa, mwina ena abisala m'masamba.