Che Sumani, Wolawa Mawaya

Mangochi yense ankadziwa kuti Che Sumani amayeza magetsi a galimoto ndi lilime. Amisiri anzawo ankagwiritsa ntchito kababu. Iwo ankangosenda waya ndi mano, dzanja lina atagwira chitsulo, n'kuuika palilime, n'kutsinzina ngati mayi wolawa mchere m'ndiwo. "Moto ulimo, koma wofooka," ankatero. "Vuto ndi ethi." Ethi ndi njira imene moto umabwerera nayo ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, koma kwa iwo chilichonse chinali ethi. Mwana akalephera mayeso, ethi. Mkazi wa Che Dinala atathawira ku Namwera, anangopukusa mutu: "Banja lija ethi yake inali yadzimbiri."

Ine ndinawadziwa chifukwa cha kagalimoto kanga kofiira, ka mipando iwiri, kopanda denga, kamene ndinagula mu 1969 kwa dokotala wachizungu wobwerera kwawo. Mkazi wanga Matilda ankati ndi bokosi la maliro lokhala ndi matayala. Kanali ndi misala yake. M'mawa sitata inkangoti kwe! n'kukhala chete, nyali n'kumaphethira, waya wa choko, uja timakoka poliza injini yozizira, n'kutentha mpaka kundiwotcha chala.

"Aphunzitsi, mwasintha batire kangati?" anandifunsa Che Sumani nditakapita nako.

"Kawiri."

"Chilatini mumachidziwa, koma kugwada simudziwa. Gwadani."

Ndinagwada mumchenga, ine hedimasitala, tayi ili m'khosi. Anandionetsa lamba wamkuwa wolumikiza injini ndi chasisi, chitsulo chachikulu cha kunsi kwa galimoto. Anali atadyeka, kungotsala tiulusi titatu.

"Moto ukasowa njira yobwerera kwawo umadzera pa choko, ngati wakuba wolowera pazenera."

Anapala dzimbiri ndi mpeni wotumbulira chambo, namanga lamba wina. Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Kenako anandiloza ndi mpeni uja: "Aka n'kachikale. Ethi yake ili ku pozitivi, osati ku negetivi ngati galimoto za masiku ano. Wina asadzatembenuze batire."

Mu 1974 a tcheyamani a chipani a m'dera lathu anasirira kagalimoto kaja. Ananditumizira anthu kuti ndikapereke ngati mphatso, azikwera popita ku misonkhano. Masiku amenewo wosankha mphatso anali wolandira. Ndinapereka makiyi, ndipo ndinaombanso m'manja. Mphwawo Simioni, amene anaphunzira umakaniko miyezi itatu ku Blantyre n'kubwerako ndi ovolosi yoyera, anamangapo chimkuzamawu chatsopano. Poti chinkafuna ethi ya negetivi, anangotembenuza batire.

Tsiku la msonkhano, amayi akuimba, a tcheyamani ataimirira m'kagalimoto akugwedeza dzanja, utsi unatuluka tolotolo pansi pa chiwongolero. Bwana analumpha n'kugwera m'dengu la usipa. Anthu onse anayang'ana pansi, mapewa okha akugwedezeka.

M'mawa mwake tinaitanidwa ku ofesi, ine ndi Che Sumani. Kagalimoto kanali pakhomo, kakununkhabe mphira wopsa.

"Wina wa inu anatchera mawaya kuti andiphe," anatero a tcheyamani. "Aphunzitsi, ndinu?"

Chimene chinachitika ndinkachidziwa bwino lomwe. Ndinkadziwanso kuti amene akwere lole ya apolisi yoima panjayo sabwerako msanga, ndipo ine ndinali ndi ana asanu.

"Ine za mawaya sindizidziwa, bwana. Amagwirako ndi awa."

Che Sumani anandiyang'ana pang'ono chabe. Anatuluka, natola waya wopsa, naulawa, nalavula.

"Wallahi, apa palibe chiwembu, bwana. Pali umbuli. Batire watembenuza ndi mphwanu Simioni."

"Ukunyoza chipani?"

"Chipani sindinachilawe."

Anawatenga tsiku lomwelo, popanda mlandu. Anabwerako patatha zaka zinayi, mano akutsogolo mulibe. Waya anayamba kusenda ndi mpeni ngati munthu wina aliyense, nthabwala nazonso zinatha. Za tsiku lija sanandifunsepo. Tikakumana pamsika ankangoti, "Aphunzitsi, mwadzuka bwanji? Amayi kunyumba?" Ndikanakonda akananditukwana pagulu. Mpaka lero ulemu umenewo ndimadana nawo.

Pansi pa mtengo wa bwemba pamene ankagwirira ntchito pano pamagona mbuzi. Galimoto ikakuvuta mu Mangochi, amakusinthira batire, kenako sitata, kenako amati inalodzedwa. Wogwada palibe.

Anamwalira mu 1986. Ife Akhristu tinaima kumbuyo pamene jeneza, chithatha cha maliro a Asilamu, inkadutsa. A tcheyamani anabwera pa pikapu, nalankhula nthawi yaitali kuti chipani chataya mmisiri wokhulupirika. Mawu anawatuluka bwinobwino, osatsamwa. Pobwerera pikapu ija inakana kulira. Simioni anatsegula boneti nayamba kugogoda batire ndi mwala. Tinaimirira pamenepo amuna oposa makumi atatu, ambiri oti malemu anatikonzerapo galimoto kapena injini ya boti, manja kumbuyo, aliyense akudikira mnzake anene kanthu.

"Mukuyang'ana chiyani?" anatero a tcheyamani, akukhala pampando. "Kankhani."

Tinakankha. Inenso ndinakankha, kuchokera kumanda mpaka kwa Mponda.