Silinda Yanga ndi Chitsime cha Kudimba

Inu a kabaza a jekete yofiira amene mukuseka apo, imikani njinga yanuyo mukhale pansi, makasitomala sabwera dzuwa lili pamutu chonchi. Mwati munthu wa ku Ntcheu, wobadwira m'mapiri momwe madzi timawaonera m'ndowa, sangayende pansi pa madzi ngati nsomba? Ine ndinayenda. Sindinapite kunyanja ayi, ndinayenda konkuno, pansi pa minda yanu ya kachewere, ndipo ngati ndikunama mwendo wabwinowu uume ufanane ndi unzakewu.

Ndili ku Joni ndinkatsuka maboti ku Debeni, kwa mzungu wina amene ntchito yake inali kutengera anthu pansi pa nyanja kukaona nsomba. Pobwerera kumudzi anzanga ananyamula mawailesi ndi mabulangete, ine ndinapempha zida zolowera m'madzi: silinda ya mpweya yoberekera kumsana, paipi yake yoluma pakamwa, chigalasi cha kumaso, ndi nsapato zazitali zangati mapazi a bakha. Ndinafika nazo, ndinaziimika kuseri kwa chitseko, ndipo zinakhala pamenepo mpaka ana anakula n'kupita kwa amuna awo.

Mkazi wanga, anaNgozo, anali wa mvano, munthu wosabwereza mawu. Chaka china limu ya tayala la galimoto imene tinkaimba ngati belu kutchalitchi inang'ambika, mpingo n'kumaitanidwa ndi khasu lakutha. Tsiku lina akusesa anaima pachitseko paja.

"Abambo, chitsulo chanuchi ndalonjeza kwa amayi anzanga. Chikakhala belu."

"Chimenecho n'cholowera m'madzi," ndinatero.

"Madzi ake ati? Ine chikwatiwire sindinakuoneni mutanyowa kupitirira m'mawondo. Mulowe ine ndikuona Pasaka isanafike, apo ayi chikalendewera pamtengo."

Zinandipweteka, sindibisa. Zaka zonse za ku Joni chimene ndinatsala nacho choloza ndi chala chinali silinda imeneyo. Ikapita, ine ndikanakhala madala wamba wolima kachewere ngati ena onse.

Ndinayamba kusaka madzi. Mpweya ndinali nditapopa kale ndi pampu ya njinga, ndinakapopera pamwamba pa phiri m'mamawa nkhungu isanachoke, mpaka pampuyo inatentha n'kupsereza udzu umene ndinaitsamiritsapo. Vuto linali madzi. Kwathu kuno madzi sakhala pansi, amangodutsa ngati anthu othamangira minibasi. Mtsinje uliwonse umene ndinalowa unkandifika m'akakolo, ukakoma mtima m'mawondo, ine nditagona chafufumimba silinda ili pamtunda ikuwala, mbuzi zikuinyambita. Ndinati ndipite kunyanja, koma kondakitala pa Boma pompano atangoiona anatseka chitseko, amvekere, "Madala, bomba lanulo ayi." Ndinakalowa mpaka mu dipi ya ng'ombe, ndinafola pamzere pakati pa nkhunzi ziwiri n'kudumpha nthawi yanga itakwana, ndipo kuyambira tsiku limenelo udzudzu ukandiluma umagwa pomwepo n'kufa. AnaNgozo anangoti amenewo si madzi, ndi mankhwala, sawerengera.

Pasaka itayandikira ndinakumbukira chitsime cha kudimba kwathu, chimene anakumba apongozi anga, chosaphwa ngakhale chaka cha chilala. Ndinavala zida zonse, ndinamanga chingwe cha ng'ombe m'chiuno, nsonga inayo n'kuwapatsa anaNgozo, ndipo iwo anakhala pa ndowa yovundikira n'kunena kuti ndifulumire chifukwa mpiru sunathiriridwe.

Ndinatsika. Mukumva? Ndinatsika, ndinatsikabe, kamwa ya chitsime ija inachepa mpaka kukhala ngati batani la malaya, chingwe chinatha, ndinachimasula n'kuchimangirira pamwala kuti mayi asade nkhawa, ndipo pambali panga ndinaona khomo lalikulu loti ngolo n'kulowa ng'ombe zake zili pagoli, madzi akukokera momwemo, ine n'kungoti basi, ndabwera kale. Kunsi kwa mapiri athuwa kuli mtsinje, anyamata inu, waukulu kuposa msewu wa tala uwu, ndipo ndi kumene amathawira madzi onse amene amatikana kumtunda kuno. Mdima sunandivute, pakuti nkhungu ija ndinapopera m'silinda inkatuluka yoyera mbee ndikapuma, n'kumandiunikira njira.

Ndikuyang'ana kumwamba ndinaona kachewere akulendewera kudenga, minda yonse ya m'mudzi mwathu ndikuionera kunsi, ndipo ndinadziwa tsiku limenelo amene amathira feteleza ndi amene amangonena. Kupita patsogolo ndinapeza mapaipi a mijigo atatsika ngati mizu, paipi iliyonse ikutulutsa mawu a amayi amene akupopa pamwamba, moti ndinamva miseche ya midzi yonse kuyambira kumtunda mpaka ku Kasinje, ina yonena za ine ndemwe, ndipo ndikudutsa pansi pa paipi ina mayi wina wamphamvu anapopa kamodzi kokha, nsapato yanga ya kumanzere phwe! kulowa m'paipi, kukatulukira m'ndowa mwake. Ndinamva kukuwa kwake ndili pansi. Nsapatoyo ikadali kumeneko, anaikhomera pankhokwe kuti iziopseza akuba.

Ndi nsapato imodzi munthu suyenda molunjika, umangozungulira malo amodzi, n'chifukwa chake mwendo uwu unafupika. Ndikuzungulira choncho ndinagundana ndi mlamba. Ndikati mlamba musaganize timilamba touma ta pamsika apa. Uwu unali wotalika ngati basi, ndevu zake zaimvi, maso unalibe chifukwa kulibe choona kumeneko, ndipo unandinunkhiza, unamva fungo la dipi lija n'kuganiza kuti ndine ng'ombe yosadyeka, ine n'kugwira ndevu imodzi dzanja ili inzake dzanja ili, n'kukhala pamsana, n'kuwongolera ngati mmene mumachitira ndi mahandulo anuwo, kutsetsereka phiri lonse mkati mwake mpaka madzi anayamba kufunda, ndinadziwa kuti tafika kuchigwa.

Kumeneko njira inali itatsekeka ndi chimwala. Mpweya unali utatsala wongokwana kutsokomola kamodzi. Ndinatembenuka, ndinalozetsa silinda kuchimwalako, mlamba unandigunda kumbuyo ndi mutu, chimwala chija chinafwamphuka, ndipo ine ndinatulukira m'ngalande ya mpunga ku Bwanje, madzi onse a pansi pa phiri ali pambuyo panga. Anthu kumeneko anali atakhala m'mbali mwa ngalande manja ali m'masaya, mpunga ukufota. Ataona chinthu cha galasi kumaso ndi phazi limodzi la bakha ena anathawa, ena anagwada. Ndinavula chigalasi n'kuwapatsa moni bwinobwino. Chaka chimenecho anakolola mpaka kusowa poyanika, kafunseni. Anandipatsa mpunga wa chaka chatha m'kathumba, n'kundikweza kabaza, ndipo mnzanu ameneyo anapalasa chitunda chonse osatsika chifukwa silinda yopanda mpweya imapepuka kuposa nthenga, inkatikokera m'mwamba.

Ndinafika kudimba dzuwa lisanapendeke. AnaNgozo anali pa ndowa pomwe paja, chingwe chili m'manja, maso ali m'chitsime. Ndinawagwira paphewa chakumbuyo. Anatembenuka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato lija.

"Mwabwera bwino," anatero. "Tagwirani chingwechi, amuna anga ali pansipa, ine ndikathirire mpiru."

Iwo nkhaniyi ankaifotokoza mwina. Ankati chitsimecho n'chofika m'chiuno, ankati ndinatitimira m'matope n'kutuluka iwo atatembenuka, ankatinso mpungawo unali wa pagolosale. Koma anauphika, anadya, anawonjezera. Ndipo Pasaka inafika, inadutsa, silinda ili kuseri kwa chitseko. Amayi a mvano atabwera kudzaitenga ndinamva ndi makutu angawa anaNgozo akuwabweza pakhonde, amvekere, "Isiyeni, eni ake amaigwiritsa ntchito." Mboni yanga inali imeneyo, ndinalibenso ina.

AnaNgozo anatisiya dzinja lapitali. M'mawa wa maliro awo ndinamva mkulu wa mpingo akumenya khasu lija kuitana anthu, kamawu kake kosafika ndi kutsidya komwe, ndipo mtima unandiwawa kuti mkazi ngati ameneyo aperekezedwe ndi khasu. Ndinabereka silinda kumsana monga ndinaiberekera tsiku lija, ndinakaimangirira ndekha pamtengo wa patchalitchi ndi chingwe chomwe chija cha ng'ombe, ndipo ndinaiimba ndekha. Anthu a ku Bwanje anabwera kumaliro popanda wowatumira uthenga, anati anamvera m'ngalande.

Tsono inu a jekete yofiira, mukuti ndibwereze kuti muone. Ndingabwereze ngakhale mawa, chitsime chilipo, mlamba ulipo. Koma silindayo ndinapereka kwa mwini wake amene anailonjeza, ndipo munthu amene angakaitsitse pamtengo paja ayambe wadutsa pa ine. Mukafuna umboni bwerani Lamulungu m'mawa muime pansi pa mtengowo. Ikalira mutchere khutu kumapeto kwa kulira kwake, mudzamva madzi akuyenda.