Roketi Inanyamuka Ine Ndili Chitsinzinire

Mukadzandiona ndikupemphera diso limodzi lili chipenyere, musafulumire kundiweruza, abale anga. Chilipo chimene chinandionekera kuno ku Glasgow.

Ndinabwera kuno kudzaphunzira, ndipo mwamwayi ndinagwera m'gulu la pulofesa wina wamkazi lomwe linkathandiza kukonza kamera ya setilaiti yoyang'ana nyengo. (Ndikati kuthandiza musaganize zazikulu. Yanga inali ntchito yoyesa kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi: kukaika mozizira, kukatulutsa, kukaikanso, mpaka zaka kutha.) Koma setilaitiyo, eee, inali nkhani ina. Inkayenera kukwezedwa kutali zedi, pamalo pomwe chinthu chimazungulira limodzi ndi dziko, moti kwa munthu wapansi chimakhala ngati changoima. Malo akewo anali pamwamba pa Africa, usana ndi usiku diso lili pa mitambo ya kwathu. Ine wa ku Chikwawa, komwe madzi osefukira amatipeza osakonzeka, ndikaganiza zimenezi thupi linkachita tsemwe.

Amayi anga kumudzi anandipatsa ntchito imodzi yokha. "Iwe, ine zimenezo sindidzaziona. Ukapenyetsetse pamene chikunyamukapo, undiimbire pompo, undiuze zonse." Ndinalonjeza.

Roketi yonyamula setilaitiyo inkanyamukira kutsidya kwa nyanja yamchere, ife tikuonera pa sikirini yaikulu m'holo ya payunivesite. Aliyense analoledwa kubwera ndi mlendo mmodzi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinakaitchula nkhaniyi kutchalitchi, kwa Mayi Mbewe, mtsogoleri wa amayi, amene amatisamala ana asukulu tonse ngati anatibereka okha. Ndinaiwala kuti kwathu ukaitana mmodzi waitana mudzi. Tsiku lonyamuka roketilo masana, Mayi Mbewe anatsika basi yochokera ku Maryhill ali ndi anzawo, zitenje atamanga pamwamba pa majekete a chisanu, chidebe cha mandasi chili m'manja.

"Kamba wa paulendo," anatero.

Pulofesa anawalandira bwino, mandasi n'kuyamba kuyenda. Pa sikirini roketi ili njo, yoyera, yaitali, ikutuluka nthunzi m'mbali ngati ikupuma. Wotchi ikuwerengera chotsitsa. Mtima wanga uli phaphapha. Ndipamene Mayi Mbewe anandikodola.

"Mwana wanga, kodi chinthuchi chapemphereredwa?"

"Mayi, nthawi yatha, changotsala pang'ono kunyamuka."

"Ndiye chipite chonchi? Kwathu ngakhale wokwera basi ya ku Joni timamuika m'manja mwa Mulungu. Nanga ichi chopita kosabwerera?"

Ndisanayankhe anandigwira manja onse awiri, anzawo n'kutizinga. "Tiyeni titseke maso."

Muyenera kundimvetsa. Ine ndinakulira m'manja mwa aphunzitsi a Sande sukulu omwe ankakukoka khutu ukangophethira pemphero lili mkati. Munthu wamkulu akati titseke maso, zikope zanga zimadzigwera zokha. Ndinadzilimbitsa mtima kuti likhala lalifupi.

Anayambira pa kulengedwa kwa kumwamba ndi dziko lapansi. Anadutsa pa dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Anapempherera pulofesa ndi banja lake lonse, anapempherera mabawuti kuti asamasuke, kenako anafika pa dalaivala. (Ndinafuna kunong'oneza kuti mulibemo munthu, koma pemphero la munthu wamkulu sulikonza.) Ndinamva holo yonse ikuwerenga mokweza m'Chingerezi, kenako zii.

Chimene chinatsatira sindidzachiiwala, ngakhale ndinachimva ndi makutu okha. Mkokomo unatuluka m'masipika, wakuya, wosatha, mipando ikunjenjemera, ine ndikuumva m'chifuwa mwenimwenimu. Kuwala kofiira kunadutsa m'zikope zanga zotsekazo ngati ndayang'ana dzuwa. Wina kumbuyo kwanga anayamba kusisima. Ndinachita mantha okoma, oti anthu, anthu ngati ife tomwe, tanyamula chinthu cholemera chonchija n'kuchiponya kumwamba. Mayi Mbewe mawu anakwera, akundifinya zala: "Kwezani, Ambuye! Kwezani! Taonani chikupita!" Ine ndinkati ndi mzimu wawagwira. Ndinatsinzina kwambiri.

Pamene ameni ankafika, pa sikirini panangotsala mchira wa utsi ndi kadontho kowala.

Pulofesa anandikumbatira misozi ili chuchuchu. "Waona? Waona mmene moto unayalira pansi?" Ndinangogwedeza mutu ngati gulo. Kenako ndinaimbira amayi monga mwa lonjezo.

"Ndiuze, zinali bwanji?"

"Zinali... zofiira, amayi."

"Basi?"

Mayi Mbewe anandilanda foni. "Muli bwanji kumeneko, amayi ake? Mwana wanuyu chimwemwe chamutseka pakamwa, imvani kwa ine. Poyamba panatuluka utsi woyera mbali zonse, kenako moto, moto woti simunauonepo! Chinayamba pang'onopang'ono ngati chikukayika, kenako chinapendekeka, n'kuboola mtambo, psuu!" Anzawo akuvomereza, wina akuonjezera za mbalame zomwe zinathawa.

Atamaliza ndinafunsa ndi mawu a munthu wodwala. "Mayi, zonsezi munaziona bwanji?"

"Aaa, mwana iwe! Ukamaperekeza mlendo umatsinzina? Munthu umayenera kuona chomwe ukupempherera."

"Koma munati titseke maso."

"Amanena choncho basi. Kodi iwe unatsekadi?"

Anaseka mpaka kugwira mipando. M'holo monse, wotsinzina ndinali ine ndekha. Inde, ndinadzaonera pa vidiyo, kangapo konse, koma mpira woti zigoli ukuzidziwa kale sukoma.

Setilaitiyo inatenga masabata ikukwera pang'onopang'ono mpaka kukafika pamalo pake. Tsiku lina m'mawa pulofesa anatiitana, chithunzi choyamba chafika. Dziko lonse lathunthu, lozungulira, lili lende mumdima popanda chingwe kapena mzati. Ndinayandikira, n'kutsata ndi chala kutsika kumwera mpaka m'chigwa cha Shire, ndipo apo panali kamtambo koyera, kakang'ono kuposa chikhadabo changa. Pansi pa kamtambo kameneko panali amayi anga, mwina akuanula zovala. Ndinalira, osabisa. Ndinawaimbira ndili pomwepo, ndipo ulendo uno ndinawafotokozera ndekha, chilichonse, mpaka foni kutentha.

"Tsopano wapenya," anatero amayi. "Paja tsiku lija unali m'tulo." (Mayi Mbewe anali atawauza kale, ndipo mudzi wonse ukudziwa.)

Lamlungu lapitali Mayi Mbewe anaimiriranso kutsogolo n'kuti titseke maso. Ndinayesetsa, abale, kuti ndisiye diso limodzi lotsegula monga ndinalumbirira chichitikireni zija. Linapirira mpaka pa dzuwa ndi mwezi, kenako linadzitsekera lokha.