Benchi ya Abambo Anga

Pali masiku ena amene umalakalaka lilime likanatsalira m'minibasi. Ine langa ndinatsika nalo pa Mtakataka, ndipo manyazi amene linandibweretsera sanandichokebe.

Tinapita kumudzi kukamanga chiliza cha abambo anga. Iwo anali kalipentala, ndipo mabenchi onse a m'tchalitchi cha pakoleji yomwe ndinaphunzira anakhoma ndi iwo, a mlombwa, olemera, m'mbali atasemamo nsomba. Mwana wanga Tadala sanawaonepo agogo akewo, ndiye njira yonse kuchokera ku Lilongwe ndinkamulonjeza kuti ndikamukhazika pabenchi yakutsogolo, imene ankainyadira kwambiri. Achemwali anga, Anaphiri, atamva kuti tikupita kukoleji anayamba kuzengereza, amvekere dzuwa lakwera. Ndinawakakamiza ndithu.

Pakhomo la tchalitchi ndinapisa chala m'kabeseni ka madzi odalitsa n'kudzilemba mtanda. Munalibe madzi, munali mankhwala a anankafumbwe (ndinayenda nawo pachipumi tsiku lonse, wondiuza panalibe). Ndinagwada moyang'ana kuguwa, koma pokweza maso ndinapeza ndagwadira sikelo. Guwa kulibe, mtanda kulibe, benchi ngakhale imodzi. Munali matumba a chimanga ndi mpunga wa ku Bwanje mpaka kudenga, ndi mipando yapulasitiki yobwereketsa pazikwati.

Mtima unandiwawa, kenaka ukali unandikwera kumutu. Ndinaitanitsa mkulu wa koleji, mayi wofatsa, amene anati iwo anabwera zinthu zili kale chomwecho.

"Bodza!" ndinakuwa. "Mlombwa uja munagulitsa kwa osema ziboliboli! Akuba inu, simuopa ndi Mulungu yemwe?"

Ophunzira anadzaza m'mawindo. Ine ndikaona anthu mawu amakula (matenda anga ndi amenewo), moti ndinatulutsa foni n'kuimbira mnzanga wapolisi onse akumva. Anaphiri ankandikoka malaya.

"Achimwene, chonde, tiyeni tizipita."

"Ndipite? Thukuta la abambo lathera m'matumba mwa mbava, inu muli phee?"

"Ndinene pano?"

"Nenani! Aliyense amve!"

Anamanga chitenje chawo bwinobwino, nayankhula osakweza mawu.

"Chaka cha njala chija anthu ankafa tsiku ndi tsiku, matabwa osaoneka. Ansembe anatsegula chitseko ichi kuti woferedwa aliyense azitenga benchi akakhomere bokosi. Yakutsogolo ija ndinaisenza ine ndi alamu anu. Abambo agona momwemo. Inu munafika titakwirira kale, mumvekere munali kuwekishopu ya kuntchito kwanu, ndipo mpaka lero simunafunsepo kuti bokosi linachokera kuti."

Abale, m'tchalitchi muja munali zii kuposa nthawi imene munkachitika misa. Mayi amene ndinawatchula akuba aja ndi amene anandikokera mpando wapulasitiki. Ndinakhalapo, ndikulira pamaso pa ophunzira ngati mwana.

M'mawa mwake kumanda, amisiri akukanda simenti, Tadala anandigwira mkono.

"Adadi, ndiye benchi ija ili pansipa?"

"Eya, mwanawe."

"Ndiye sindikhalapo?"

Nthawi yomweyo foni inalira. Anali wapolisi uja, akufunsa ngati wakubayo tikumudziwa kuti abwere adzamutenge. Ndinayang'ana Anaphiri, amene anali atagwada akuzula udzu pamanda, ndipo ndinamuuza wapolisiyo kuti katundu wapezeka, ali ndi mwini wake.

Kukuwa sindinasiye, ndisakunamizeni. Koma masiku ano achemwali anga akandikoka malaya, ndimakhala pansi.