Denga la Boti la Che Hafiz

Nzeru yonseyi inabadwira pansi pa mtengo wa mango kwa Teresa, mayi wothawa nkhondo ku Mozambique amene kachasu wake ankatha kusandutsa munthu wamba kukhala katswiri wa chilichonse. Wadi anali atasanduka kale. Chigwirireni makwerero a munthu wokonza magetsi pa hotela ina ku Makokola, dzina lake linali Injiniya, ndipo womuitana kuti Wadi sankayankhidwa.

"Aise, tasenderani kuno," anatero Injiniya kwa anzake awiri. "Che Hafiz agula denga la boti lawo. Azungu ogawa ufa kwa othawa nkhondo aja, amene amawawolotsa kupita tsidya, akudandaula kuti dzuwa likuwasenda khungu. Katundu wafika kale m'makatoni. Amisiri a ku Blantyre akudikiridwa Lachisanu. Amisiriwo ndife."

Blackson, amene ankatchedwa Chigubu chifukwa cha mimba yake, anakanda mutu. "Ndiye tiba denga?"

"Denga udya? Timanga dengalo, tinena kuti tikaliyese pamadzi, basi. Boti, injini, zonse zathu. Ku Makanjira kuli munthu amene injiniyo akuilota."

Wachitatu anali Luciano, wodzitcha Motorista, amene ankalumbira kuti nkhondo isanayambe ankayendetsa maboti ku Metangula. Iyeyu anayika kapu pansi. "Epa, ine akandigwira, khadi langa la ufa lapita. Andiponya kumalire."

"Lachisanu masana amuna onse amakhala ali ku mzikiti," anatero Injiniya. "Akugwira ndani, nsomba?"

Sanawauze kuti nayenso anali pamoto. Mkazi wake Keti anali atamanga kale mtolo wa zovala, akuti akabweranso manjamanja amupeza kwawo kwa Mponda.

Lachisanu anatulukira padoko la Che Hafiz atavala maovolosi obwereka, sipanala imodzi anthu atatu. Botilo linali litakocheza pambali pa kamlatho ka matabwa kokhala ndi zitsulo zogwirira, injini ikunyezimira. Koma pakamlathopo panalinso chinthu chimene sichinali mu pulani: mayi Mwanabibi, mkazi wa Che Hafiz, ali pampando, ambulera kumanja.

"Asalamu aleikumu, amayi. Ndife a ku Blantyre."

Mayiwo anayang'ana fumbi la kumapazi kwawo. "A ku Blantyre obwera wapansi?"

"Galimoto yatifera panjira, amayi."

"Chabwino. Makatoni ndi awo. Ine ndili pompano."

M'makatonimo munatuluka mapaipi opindika, lona wabuluu, zopanira, mabawuti, nyali ziwiri, galasi ndi hutala. Munalinso pepala la malangizo. Motorista analitenga nanena kuti ndi Chipwitikizi, nkuyamba kuliwerenga mokweza atalizondotsa.

Ulendo woyamba denga linaima lofika m'chiuno.

"Azunguwo azikwawa?" anafunsa mayi Mwanabibi.

Ulendo wachiwiri linaima bwino, kungoti linkachinga injini, mipando ili padzuwa.

"Walahi, ku Blantyre amisiri anatha," anatero mayiwo. "Bola ndikanaitana wosoka maambulera."

Mawu amenewo anamulasa Injiniya pamtima. Iye, wosoka maambulera? Za Makanjira anaiwala, za Keti anaiwala. Anavula malaya, nalanda pepala lija, nalitembenuza, napeza kuti zinali zithunzi zokhazokha. Apa ndiye ntchito inayamba. Mapaipi analowa m'malo mwake, lona anakungika ngati ng'oma, nyali ina kumanja ina kumanzere. Mawaya a hutala anawalumikiza mmene mtima wake unamuuzira.

"Mani, nthawi," ananong'ona Motorista. "Ku mzikiti atsala pang'ono kutuluka."

"Osandisokoneza pantchito!"

Unatsala mwendo umodzi wa denga, wakumbuyo, mbali ya kamlatho. Chigubu anali atalimbana nawo mpaka thukuta kuyenderera. "Injiniya, chopanirachi chikugwedera. Chitsulo cha botichi nchowonda."

"Ndiwe mbuzi eti? Suona china chonenepa pambali pakecho? Bweretsa kuno."

Injiniya anakoleka chopanira pa chitsulo chonenepacho, nalowetsa bawuti, namanga. Anamanga ndi dzanja limodzi, anamanga ndi manja awiri, pomaliza anakwera pa sipanala ndi phazi. Chitsulo chonenepacho, abale, sichinali cha boti. Chinali cha kamlatho.

Mayi Mwanabibi anaimirira, nagwedeza denga. Linangoti nji.

"Apa ndiye mwagwira ntchito, bambo," anatero. "Ndikaswali, ndikubweretsereni tiyi."

Injiniya anatsala akumwetulira ngati mkwati, mpaka Motorista anachita kumutsina. Mayiwo atangolowa m'nyumba kukapemphera, Chigubu anamasula zingwe zonse ziwiri, atatuwo nkudumphira m'boti.

"Motorista, tipatse moto!"

Motorista anayang'ana injini ngati akuiona koyamba. "Kwathu ine ndinkangodula matikiti."

"Tembenuza kiyi, iwe!"

Anatembenuza. Injini inabangula, ndipo hutala naye anayamba: pooooo! osapumira, pakuti Injiniya anali atamulumikiza ku kiyi. Mantha atamugwira, Motorista anakankha chogwirira cha mafuta mpaka kumapeto. Boti linadumpha, koma mwendo wa denga unakana kusiyana ndi kamlatho. Linazungulira pomwepo, mphuno nkukagunda matabwa. Mapaipi anapindika, lona nkugwa, kukulunga Injiniya ndi Chigubu pamodzi ngati usipa mu khoka. Motorista, mwana wa panyanja uja, anagwera m'madzi ofika m'chiuno, nkumakuwa m'zinenero zitatu kuti akumira.

Hutala anafika mpaka ku mzikiti. Amuna anatulukira padoko mikanjo yoyera ili petupetu, Che Hafiz patsogolo. Iwowo ndi amene anazimitsa injini. Chete atabwerera, munthu ankangomva mawu ochokera mu lona.

"Chotsa mimba yako pankhope panga!"

"Ndiichotsere kuti?"

"Timangoyesa, bwana!" anakuwa Injiniya atamva mawu a mwini boti. "Ndife amisiri a ku Blantyre!"

Nthawi yomweyo pikapu inaima pamchenga, nkutsika amuna awiri onyamula bokosi la zida, akupepesa kuti achedwa.

Atatuwo anawakhazika pakamlatho atawamanga ndi zingwe zomwe anamasula zija, wina atathamanga pa njinga kukaitana apolisi. Motorista ankalirira khadi lake. Chigubu anafunsa mayi Mwanabibi ngati tiyi uja akadalipo, ndipo anamuyankha ndi ambulera pamutu.

Mmodzi wa amisiri enieniwo anagwada kuti amasule boti ku kamlatho. Anayesa sipanala yaing'ono, bawuti osasuntha. Anayesa yaikulu, anathira mafuta, anamenya ndi hamala. Anaitana mnzake, nakoka onse awiri mpaka mitsempha kutuluka m'khosi.

"Koma wamanga bawuti imeneyi ndani?" anafunsa akupuma mwawefuwefu. "Pafunika sowo yodulira zitsulo apa."

Wapolisi anali atafika kale, atamugwira Injiniya palamba. Koma Injiniya anaima kaye, natukula chifuwa, nayang'ana khamu lonse lija mpaka maso ake anapeza mayi Mwanabibi.

"Amayi, mwamva nokha," anatero. "Mukawauze anthu kuti ndinamanga ndine."